Kuchoka pa makina opalasira kukakwera Polly Shortts

Lachinayi 6 Juni 2024, m'basi pa N3

Tanyamuka pa Park Station 8 koloko itangodutsa pang'ono. Joni mu Juni kumazizira mpaka zala kuuma ndiye ndinakwera ndili ndi majuzi awiri, pano imodzi ndavula kale. Tikiti R420, ndinaguliratu chifukwa sabata ino aliyense akulowera ku Durban ku Comrades, mpikisano wothamanga makilomita pafupifupi 86 umene tithamange Lamlungu kuchoka ku Durban kukafika ku Pietermaritzburg. Othamanga m'basi muno sasowa, ukangoona nsapato basi wadziwa, komanso aliyense wakumbatira botolo la madzi ndipo tikungolandirana pakhomo la chimbudzi kumbuyoku.

Pafupi nane pakhala bambo ena achikulire a ku Soweto, ochepa thupi, mutu wonse imvi. Ali ndi nambala yobiriwira, ija amapatsa munthu akamaliza Comrades kakhumi ndipo imakhala yake moyo wake wonse. Titangodutsa toll ya De Hoek anandifunsa kuti, "Mfana wami, kuyambira Januwale wathamanga makilomita angati?" Ndinawauza chilungamo, kuti bondo lakumanzere linandivuta kumayambiriro kwa chaka, a physio anandiletsa mitunda italiitali kwa kanthawi ndithu, ndiye ntchito yambiri ndaigwirira pa makina opalasira ku jimu. Anandiyang'ana kaye, kenako anati ndiwafotokozere bwinobwino chifukwa makinawo amangowaona pakona koma sanakhalepo.

Ndiye ndinayamba. Amene ndimapalasa ine ndi a Concept2, amapangidwa ku Vermont ku America, anawayambitsa anyamata awiri apachibale a kwa Dreissigacker amene ankapalasa mabwato ampikisano, ndipo oyambirira aja mu 1981 anawapanga ndi gudumu la njinga. Umakhala pa kampando kotsetsereka, mapazi utamanga, n'kumakoka chogwirira cha tcheni chomwe chimazungulitsa fani kutsogoloko. Anthu amaganiza kuti ndi ntchito ya manja, ayi ndithu, mphamvu yambiri imachokera m'miyendo, msana umalandira, manja amangomalizitsa. Ubwino wake phazi silimenya pansi, ndiye bondo langa limangoti phee ngakhale ndikhalepo maola. Mu Epulo ndinapalasa marathoni yathunthu, mamita 42,195, damper, kachipangizo kosinthira kulemera kwa kukoka, ndinaika pa 4 chifukwa amene amaika pa 10 poganiza kuti ndiye uchamuna amatha msana ola lisanakwane, ndinagwira split ya 2:25 pa mamita 500 aliwonse mpaka ndinamaliza pa maola 3 ndi mphindi 24.

Chovuta kufotokozera munthu ndi m'mene marathoni ya pamakina imawawira. Choyamba ndi matako, ukafika makilomita 25 sudziwanso kuti ukhalire mbali iti. Manja amatuluka matuza. Kumwa madzi mpaka uzikoka ndi dzanja limodzi kwinaku ukumwa chifukwa ukaima wotchi siima. Ndiye palibe chikusintha, khoma lomwelo, sikirini yomweyo, mamita akungotsika pang'onopang'ono. Tsiku limenelo mu jimu munali ine ndi mayi ena osesa basi, iwo ndi amene ankandidzazira botolo likatha, osafunsa n'komwe kuti ndikuchitiranji zimenezi.

Bambo aja anamvetsera zonse kenako anati, "Mpweya uli nawo, kupirira ukudziwa. Koma miyendo tikaifunsa Lamlungu." Mawu amenewa andikhala pamtima.

Tinaima ku Harrismith mphindi 20, pie ndi tiyi R58, mphepo yochokera ku Platberg yolasa mpaka m'mafupa. Kenako Van Reenen, malole ndondondo, ena akutsika pang'onopang'ono mabuleki akununkha, ine malo amenewa sindiwakonda ndipo ndinatsinzina mpaka tinafika pansi. Koma mantha enieni anabwera madzulo titadutsa Pietermaritzburg. Kuchoka pamenepo kukafika Durban basi inayenda kupitirira ola, ikungotsika, kutsika, kutsikabe, ndipo othamanga tonse tinangoti zii chifukwa aliyense mumtima amawerengera zomwezo, kuti Lamlungu zonsezi tizikwera wapansi.

Lachisanu 7 Juni, Durban

Ndikugona ku Umbilo, kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi ena, R350 usiku umodzi, madzi otentha alipo, bedi ndi lolimba bwino. Kuno ndi kabudula basi, sungakhulupirire kuti dzulo m'mawa ndimanjenjemera. Mayiwa atamva kuti ndi Comrades yanga yoyamba anati Lamlungu mwana wawo andiperekeza pagalimoto ku City Hall 4 koloko m'mawa. Ndinatulutsa ndalama ya petulo, anakana. "Mntanami, imeneyo ukagulire mankhwala opaka miyendo."

Kupita mutawuni ndinakwera takisi, R16. Zizindikiro za zala zoimitsira takisi kuno sizifanana ndi za ku Joni, ndiye namwino wina amene anali pasiteji anandiimitsira yekha, n'kumuuza dalaivala potsikira panga, ndipo atatsika iye anabwerezanso kumuuza pawindo kuti asandiiwale.

Ku expo ku Durban Exhibition Centre mzere unali wautali koma umayenda. Andipatsa nambala ziwiri, ya pachifuwa ndi ya kumsana, pali dzina langa komanso kabokosi kosonyeza kuti munthu wamaliza kangati, panga palembedwa 0. Ndinakwalifaya pa Soweto Marathon mu Novembala bondo lisanayambe, nthawi yake inali yongokwanira, ndiye ndili m'gulu la kumbuyo. Apa pali nkhani, chifukwa wotchi imayamba mzinga ukalira kwa aliyense, kaya uli kutsogolo kaya kumbuyo, ndiye ife timataya mphindi zingapo tisanafike ndi pamzere woyambira pomwe, ndipo maola 12 amene amapereka kuti munthu amalize sawonjezera. Zogulitsa mu holo muja ndiye eee, nsapato za R5,000, timapaketi ta gel R40 kamodzi. Ine ndagula pulasitala ya zala ndi Vaseline basi.

Ndinakhala pansi pakona miyendo ipume n'kumawerenga mbiri ya mpikisanowu. Anauyambitsa Vic Clapham, msilikali amene anayenda mtunda woopsa wapansi kum'mawa kwa Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ankafuna chokumbukira anzake amene anafa. Ulendo woyamba unali pa 24 Meyi 1921, ananyamuka anthu 34, anamaliza 16, anapambana Bill Rowan pa maola 8 ndi mphindi 59, n'chifukwa chake mendulo ya omaliza maola 9 asanakwane ili ndi dzina lake. Koma ine nkhani imene imandigwira ndi ya Robert Mtshali. Mu 1935 munthu wakuda samaloledwa kulembetsa, iye anathamangabe msewu womwewo n'kumaliza pa maola 9 ndi theka, dzina lake osalowa pa mndandanda wa omaliza. Panatenga zaka 40, mpaka 1975, kuti atsegulire anthu akuda ndi amayi, kenako mu 1989 Sam Tshabalala anakhala wakuda woyamba kupambana. Mendulo ya dzina la Mtshali, ya omaliza pakati pa maola 9 ndi 10, inayamba mu 2019. Kuchedwa kwake kumandiwawa, komabe ndinakweza maso n'kuona holo yodzadza ndi ife, agogo, atsikana, azibambo a mimba, aliyense atanyamula chikwama chake cha nambala, ndinamva bwino mumtima. Mendulo imeneyo ine sindingaifike chaka chino. Ndikapeza ya Vic Clapham, ya pakati pa maola 11 ndi 12, ndithokoza.

Masana ndadya bunny chow ya nyemba, kota, R55, tsabola wake wochita kutulutsa thukuta m'mutu, ndadya lero dala chifukwa mawa m'mimba mukufunika mtendere. Madzulo ndinayenda pang'ono m'mbali mwa nyanja kulowera ku Moses Mabhida kenako ndinabwerera, miyendo ndikuisunga.

Loweruka 8 Juni

Bambo a ku Soweto aja anandiimbira usiku kuti kalabu yawo yachita hayala minibasi yokaona msewu, malo alipo amodzi, R100. Tinanyamuka m'mawa kwambiri kuti tibwerere msanga.

Mapiri asanu otchuka aja pamapu amangokhala mayina, Cowies Hill, Fields Hill, Botha's Hill, Inchanga, Polly Shortts. Chimene mapu sanena n'chakuti pakati pa amenewa pali zitunda zina zambirimbiri zopanda mayina, ndipo theka loyamba lonse ndi kukwera. Fields Hill ukachoka Pinetown ndi makilomita ngati 3, msewu waukulu wokhotakhota ndipo wapendekeka, ndinangoganiza za bondo. Tisanafike Drummond tinaima pa Wall of Honour, khoma lodzadza timiyala ta mayina a othamanga, ena amoyo ena anapita, kumunsi kwake chigwa cha Valley of a Thousand Hills chili tambalale. Pafupi pomwepo pali kamphako m'khoma la msewu, Arthur's Seat, akuti ndi pamene ankapumira Arthur Newton amene anapambana kasanu m'zaka za m'ma 1920. Othamanga amaikapo duwa n'kumupatsa moni kuti theka lachiwiri liwayendere bwino. Bambo aja anavula chipewa pamenepo, sanalankhule kanthu.

Pobwerera anandipatsa malangizo ochepa. Yamba kuyenda pa chitunda usanatope, osadikira kuti chitunda chikuyendetse. Idya mbatatesi ngakhale usakuifuna. Usakhale pansi paliponse, ukakhala sudzuka. Ndipo wotchi uyisiye, chifukwa anaona kuti ine ndimaiyang'ana pafupipafupi. Apa ndi povuta kwa ine, pamakina moyo wonse ndi nambala imodzi, 2:25, ikakwera ukoke, ikatsika upepuke, koma msewu umenewu kilomita ina itenga mphindi 6 ina mphindi 11 ndipo zonse zili bwino.

Masana mtima sumakhazikika. Ndinapeza kajimu pafupi ndi kumene ndikugona, R80 kulowa, pakona pali makina opalasira afumbi, tcheni chouma. Ndinapalasa mphindi 15 pang'onopang'ono, osatuluka ndi thukuta lomwe, kungofuna kumva phokoso la fani lija. Zinandithandiza. Mnyamata wa pa kauntala ataona chibangili cha Comrades anandibwezera R40, akuti theka ndi lake.

Madzulo mpunga ndi nkhuku yowiritsa, mayi aja anaphika okha osauzidwa, akuti alendo a Comrades amawadziwa. Ndabaya manambala pa vesiti, ndamata zala, chikwama chatsogola ndi minibasi ya kalabu ku Pietermaritzburg. Ndaimbira mayi a kunyumba, ana akufuna kudziwa ngati ndioneke pa TV. Panopa ndi 11 koloko, alamu ndaika 2:45, tulo palibe. Ndikuopa abale. Sindikuopa ululu, ndikuopa kukwezedwa basi ija imatola amene nthawi yawathera panjira.

Lamlungu 9 Juni, ndikulemba m'bandakucha wa Lolemba chifukwa miyendo ikukana tulo

Pa City Hall panali mdima, anthu zikwizikwi titapanikizana, ambiri titavala majuzi akale oti tikatenthedwa titaye m'mbali anthu atole. Inayamba nyimbo ya fuko, kenako Shosholoza, imeneyo ndiye inandimaliza, khamu lonse kuimba pamodzi mumdima, bambo wina pambali panga misozi ili chuchuchu akuimbabe. Kenako kulira kwa tambala, mawu ojambulidwa a Max Trimborn amene ankalira choncho yekha pamzere woyambira kalelo, ndiye mzinga, 5:30. Ife akumbuyo tinangoima kaye, kenako kuyenda, kenako kukhwekhwereza, mpaka tinadutsa pamzere wotchi itadya kale mphindi zingapo.

Zikwangwani za msewu umenewu zimawerenga makilomita otsala, osati amene wathamanga. Anthu ambiri amadandaula nazo kuti ukaona 80 mtima umagwa, koma ine ndinazikonda chifukwa sikirini ya makina imawerenganso chotsika chomwecho, ndinazolowera kuona nambala yaikulu osachita nayo mantha. Berea, Tollgate, 45th Cutting, zonse mumdima, ukungomva mapazi ndi kupuma. Cowies Hill inadutsa bwino. Dzuwa linatipeza tikulowa Pinetown.

Fields Hill ndiye inandidabwitsa. Ndinachita zimene ndinauzidwa, kuthamanga pang'ono kuyenda pang'ono, koma ntchafu zinali ndi mphamvu, mpweya uli bwinobwino, ndimadutsa anthu amene akuoneka othamanga kuposa ine. Kukankha kuja kwa pamakina, miyendo kuwongoka mobwerezabwereza maola atatu, ndi kumeneku kunatuluka apa. Ndinafika pamwamba ku Kloof ndikumwetulira. Ku Hillcrest anthu anali mbali zonse, utsi wa braai, mawayilesi, ana akutambasula manja, anthu osakudziwa akukuitana dzina lako poliwerenga pachifuwa, ena akaona 0 uja amakuwa kwambiri, woyamba uyu, woyamba uyu, pita bhuti.

Mavuto anayamba potsika. Ukamaliza Botha's Hill msewu umagwera ku Drummond, ndipo pamenepo ndi pamene miyendo inafunsidwa. Kuphazi kunayamba kutentha, akatumba kulimba, phazi lililonse likamenya phula ndimalimva mpaka m'chiuno. Makina sakuphunzitsa zimenezi, palibe pamene thupi lako lonse limagwera pa mwendo umodzi, ndiye mapapo anali okonzeka kupita koma mafupa ndi minofu ya pansi zinali zisanamenyedwe mokwanira. Ndinafupikitsa mapazi n'kumatsika mosamala, amene ndinawadutsa pa Fields anandidutsanso onse. Pa Arthur's Seat kamtsikana kena kanali ndi maluwa mu ndowa kakugawa, ndinatenga limodzi ndinaponya, ndinapereka moni. Pa Drummond ndinadutsa maola 6 asanakwane, ndipo pomwepo pa sipika amalengeza kuti Piet Wiersma wa ku Netherlands wamaliza kale pa maola 5 ndi mphindi 25, ndipo sipanapite nthawi tinamva kuti Gerda Steyn walowa pa 5:49:46, rekodi yatsopano ya amayi pa ulendo wokwera. Ife tili pakati penipeni. Tinawomba m'manja tikuyenda.

Inchanga ndinayenda pafupifupi yonse, dzuwa lili pamutu. Kutsika kwake ndi pamene pali ana a sukulu ya Ethembeni, ana olumala, ena pa njinga zawo ena ndi ndodo, andanda m'mbali mwa msewu manja ali m'mwamba kuyambira m'mawa. Ndinagunda dzanja lililonse limene ndinakwanitsa. Pamenepo palibe amene amadutsa nkhope ili gwa.

Kenako Harrison Flats. Ambiri amati ndi pamene mtima umafera, msewu wautali, owonerera ochepa, mthunzi palibe, watopa kale koma makilomita otsala akadali oposa 30. Ndinaona anthu atakhala m'mbali mitu ili pansi, ena akudikira basi ija. Koma kunena zoona ine apa ndi pamene ndinamva kuti ndili pamalo podziwika. Palibe chosintha, palibe wokuchemerera, ululu uli pomwepo sukukula sukuchepa, izi ndi zimene ndakhala nazo ku jimu kuja. Ndinayamba kuwerenga mapazi khumi khumi m'mene ndimawerengera kukoka, ndikafika 100 ndiyambirenso, osaganiza za Pietermaritzburg, osaganiza za Polly, khumi otsatira basi. Ndinadutsa anthu ambiri pamenepo osathamanga mwaliwiro n'komwe, kungoti sindinaime.

Ku Cato Ridge katumba wakumanja anakokana mwadzidzidzi, mwendo unangouma ndinagwira mpanda. Mayi wina amene anali ndi banja lake pa gazebo anathamanga ndi ayezi mu pulasitiki, anagwada pa phula n'kuyamba kundisisita, mwana wake akundipatsa mbatatesi yowiritsa yoviika mumchere ndi Coke wa mu kapu. Ndinati ndikhale pansi pang'ono, mayiyo anakana, "Ayi bhuti, ima choncho, ukakhala ndikuimbira basi." Anandikankha pamsana kuti ndizipita. Nkhope yake sindikuikumbuka bwino, ndikukumbuka chipewa chofiira ndi manja ozizira.

Camperdown ndi fungo la makola a nkhuku, m'mimba munatembenuka koma ndinapirira. Pokwera ku Umlaas Road, pamene ndi pamwamba kwambiri pa msewu wonse, kupitirira mamita 800 kuchokera pa nyanja pamene tinayambira, linandipeza gulu lija amalitcha basi, anthu mwina mazana akuthamangira pamodzi kumbuyo kwa munthu mmodzi wa mbendera kumsana amene amadziwa liwiro lofikira nthawi yake. Ndinalowa pakati. Mtsogoleri amawerenga, tiyenda pakatha atatu, awiri, chimodzi, tonse n'kuyenda, manja m'mwamba, pumani, kenako tithamanga kukafika pa mtengo uwo, tonse n'kunyamuka. Wina amayambitsa nyimbo ena n'kumavomera ndi mawu otheratu. Ine chaka chonse ndakhala ndikulimbana ndekha ndi sikirini, sindinadziwe kuti kuganiza nako ungamusiyire munthu wina iwe n'kumangoponya mapazi. Makilomita amenewo anadutsa osawamva.

Pali kachitunda kena kamene kamanamiza anthu kuti ndi Polly, amakatcha Little Pollys, Polly weniweni amabwera pambuyo pake. Polly Shortts si wautali kwambiri, sakwana bwino makilomita awiri, koma amabwera utathamanga kale pafupifupi 77, ndipo amakhota, ukaganiza kuti watha pali kukhota kwina. Palibe amene amathamanga pa nthawi imeneyo, tonse kuyenda, manja m'chiuno. Basi ya othamanga ija inandisiya pang'ono. Pambali panga panali bambo wina wa ku Limpopo amene amayenda chopendekera mbali imodzi, msana utakana kuwongoka, ndinamugwira mkono, iye anagwira wanga, sitinafunsane mayina, tinakwera choncho mpaka pamwamba pamene pali cut-off yomaliza, malo ochotserapo amene nthawi yawathera. Titadutsa anati, "Pita mfowethu, ine ndifika." Ndinayang'ana pa wotchi, nthawi inalipo, ndinapita.

Makilomita omaliza ndi otsika ndipo anandipweteka kuposa Polly. Dzuwa limalowa, kuzizira kumayamba, anthu m'misewu ya Pietermaritzburg akukuwa kuti mwafika mwafika pamene kwatsala 5. Kenako phokoso la sipika, kenako udzu wa pa bwalo la mahatchi la Scottsville pansi pa mapazi, wofewa, ndinayesa kuthamanga bwino kuti ana akandiona asadandaule. Maola 11 ndi mphindi 38. Mtsikana wina anandikoleka mendulo ya Vic Clapham, ndi kakang'ono kwambiri, kamakwana pakati pa chikhatho, makilomita pafupifupi 86.

Sindinapite kukafuna chikwama, ndinatsamira mpanda kudikira 5:30 madzulo, pamene maola 12 aja amathera. Mphindi zomaliza zija bwalo lonse limaimirira, anthu akulowa akuthamanga, ena akukokedwa ndi anzawo, ena akugwa n'kudzuka. Mkulu wa mfuti amaima pamzere atafulatira othamanga kuti asaone amene akumutsekera, khamu likuwerenga chotsika, mfuti n'kulira, ndipo anthu amatseka njira pomwepo. Mayi wina anatsala mamita ochepa kwambiri, anangogwada pa udzu. Mendulo palibe, nthawi yake siilembedwa. Kenako linalira lipenga. Ndinalira kwambiri kuposa m'mene ndinalirira pomaliza ine. Bambo wa ku Limpopo uja ndinamuona patsogolo pake ali pa machira a first aid, mendulo ili pakhosi.

Lolemba 10 Juni, Pietermaritzburg

Tagona pa matiresi mu holo ina imene kalabu inapeza, R200 ndi chakudya cham'mawa, mazira, buledi, tiyi wambiri. Kuno kukuzizira osati ngati Durban. Aliyense akutsika masitepe chambuyo atagwira chitsulo. Zikhadabo ziwiri zakuda, ntchafu zikuwawa kutsogoloku, koma bondo lija, limene linayambitsa nkhani yonseyi, langotupa pang'ono, ululu wobaya uja palibe.

Tinapita pang'onopang'ono ku Comrades House, nyumba yosungiramo mbiri ya mpikisanowu konkuno ku Scottsville. Muli chifanizo cha msewu wonse ndi mapiri ake, ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikulondola ndi chala pamene ndinakokana mwendo. Muli zithunzi za Bruce Fordyce amene anapambana kasanu ndi kanayi, ndi za Wally Hayward amene anamaliza mu 1989 ali ndi zaka 80. Chaka chatha Johannes Mosehla anamaliza ali ndi zaka 81, pa maola 9 ndi mphindi 26, kundiposa ine ndi maola awiri.

Anyamata a kalabu akhala akundifunsa za makina aja, awiri ali ndi mawondo ovuta. Ndawauza m'mene ndaonera ine. Kwa munthu wovulala ndi abwino kwambiri, mpweya sutsika, ntchafu zimalimba, zitunda umakwera, ndipo ukapalasa marathoni yathunthu kamodzi mutu wako umaphunzira kukhala pa ululu osathawa. Koma asakunamize kuti alowa m'malo mwa msewu, kuphazi ndi akatumba zimafuna phula, makamaka potsika. Ndawauzanso kuti ayambe ndi mphindi 20, damper pakati, aphunzire kukankha ndi miyendo asanayambe kuthamangitsa nambala, apo ayi asinthanitsa bondo ndi msana.

Chaka chamawa ndi ulendo wotsika, kuchoka kuno kupita ku Durban, ndipo woyamba kumene akamaliza zaka ziwiri zotsatizana amalandira mendulo yachiwiri yapadera. Kutsika ndi kumene kwandizunza dzulo, Fields Hill idzabwera miyendo itatha kale, ndiye ndikalembetsa ndiye kuti makina akhala a masiku opuma okha, Loweruka lililonse ndizikafuna zitunda zotsika. Ndikaonana ndi a physio Lachinayi, ndikamve kaye za bondoli. Basi yobwerera ndapeza ya 9 koloko usiku, R460, ndapempha mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti ndizitha kuwongola mwendo.